Sanali Malungo: Tamandani ndi Ligi ya ku Dominican

Abale ndi alongo a patsamba lino, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ambiri mumandidziwa. Ndine bambo ake a Tamandani, aja a ku Bilston okhala mpando wakumbuyo kutchalitchi, amene mumati ndi ovuta pamisonkhano. Musakane, ndimamva. Lero sindinabwere kudzatsutsana ndi komiti iliyonse. Ndabwera kudzakuuzani za mwana wanga, yemwe anatsala pang'ono kufa yekhayekha m'nyumba yokhoma kudziko lakutali, ine bambo wake ndili kuno ndi foni m'manja basi.

Tamandani anabadwira konkuno ku Wolverhampton. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi ngati ana anu omwewa. Ndi wamtali moti pakhomo lililonse la nyumba yathu amachita kuwerama, ndipo kuyambira ali ku sekondale mtima wake wonse unali pa basketball. Ine mpira womwe ndimaudziwa ndi wamiyendo. Woponyera m'dengu uwu ndinkauona ngati chibwana, ndipo ndinkamuuza pamaso. Iye ankangopitiriza. M'mawa ankakwera sitima kukagulitsa nsapato m'shopu ina ku Hanley, madzulo n'kukasewera m'matimu a kuno omwe sangamudyetse munthu. Zaka zinapita choncho, anzake akukwatira, iye akuthamangitsa mpira.

Ndiye chaka chathachi ejenti wake anamupezera timu ku Dominican Republic, pachilumba china cha kunyanja ya Caribbean. Dzina la timuyo sinditchula. Koma ndinene kaye za mpira wa kumeneko, chifukwa mukapanda kumvetsa izi simumvetsanso chomwe chinatichitikira. Kumeneko basketball si chibwana ayi. Matawuni ali ndi matimu awo, anthu amadzadza holo mpaka pakhomo, ng'oma ndi malipenga, azimayi akuluakulu akutukwana woyimbira masewero ngati wawabera mbuzi. Osewera amalipidwa, ndiyo ntchito yawo. Koma ligi yake ndi yaifupi, magemu amachita kutsatizana, ndipo timu iliyonse imaloledwa kukhala ndi osewera akunja owerengeka chabe. Akunjawo amawatenga kuti adzawinitse timu, osati adzaphunzire. Ukayamba kusewera moipa, kapena ukakhala pabenchi kuti ukudwala, sakudikira. Amaimba foni, mlendo wina watsika ndege, iwe nyamula chikwama. Tamandani anandifotokozera zimenezi asananyamuke, ndipo zinandikhala m'mutu.

Tsiku lolongedza katundu, amayi ake anachita zomwe mayi aliyense wa ku Malawi akanachita. Anamva kuti dzikolo ndi lotentha ndipo kuli udzudzu. Ndiye anatsegula kabati n'kutulutsa paketi ya LA, mankhwala athu a malungo aja, yomwe tinabwera nayo titapita kumudzi, n'kuikankhira m'nsapato yake pamodzi ndi asipirini. Mnyamatayo anaseka.

“Mum, it's not Malawi.”

“Udzudzu wa kumeneko ndi wophunzira? Tenga,” anatero amayi ake.

Masabata oyamba anasewera bwino kwambiri. Magemu awo amachitika ife kuno tili mtulo, ndiye ndinkawaonera pafoni m'mawa mwake pa buleki kuntchito. Ndimagwira m'warehouse ya zipangizo za galimoto kufupi ndi Solihull. Ine yemwe ndinkati mpirawu ndi chibwana ndinayamba kuonetsa anthu foni. Mukumuona wamtali uyo? Ndi wanga ameneyo. Kochi wake ankamugwira paphewa, anthu akufuula dzina lake molakwika koma mosangalala. Ndinati Mulungu wamukumbukira mwana.

Kenako Lamlungu lina masana, titangobwera kutchalitchi, anaimba. Mawu ake anali olemera.

“Dad, everything hurts. My bones, my back, even behind my eyes.”

Ndinamufunsa ngati akutentha thupi, anati inde. Ngati akuzizidwa, anati inde. Mutu? Inde. Ndinaseka ndithu. Ine ndinakulira ku Nchalo, pakati pa minda ya nzimbe, kumene udzudzu umachita kukunyamula pamphasa. Malungo ndadwala kosawerengeka, mayeso a Fomu 2 ndinalemba ndikunjenjemera nawo. Mwana wobadwira ku Wolverhampton angandiuze chiyani za kuphwanya kwa thupi?

“Ndi malungo amenewo. Takulandira ku mtundu wako. Tsegula nsapato ija, yamba LA, umwe asipirini wa mutuwo, ufunde bulangeti utuluke thukuta.”

“Should I tell the team doctor?”

“Ukamuuza dokotala, dokotala auza kochi, kochi aimba foni. Wadikira zaka zonsezi kuti akuthamangitse chifukwa cha malungo? Imwa mankhwala ukhale chete.”

Ndinanena zimenezo, ndipo tsiku limenelo palibe mmodzi wa inu akanandiletsa. Amayi ake atalemba pagulu lathu la pafoni kupempha mapemphero, mayankho onse anali amodzimodzi: ayambe LA, amwe madzi ambiri, achira. Ife Amalawi thupi likatentha timadziwa matenda amodzi okha. Sitifunsanso.

Anamwa. Mutu ukabwerera, ankamwanso asipirini. Ku training ankapita choncho, akubisa. Patapita masiku angapo anatiuza kuti thupi lazizira, ndipo ine ndinaomba m'manja m'khitchini, ndikuwauza amayi ake kuti mwaona, LA sanama. Tinathokoza Mulungu. Sitinkadziwa kuti tikuthokoza pakhomo penipeni pa ngozi.

Gemu yotsatira anakasewera kutawuni yoyandikana nayo, kwa adani awo enieni, timu yovala jezi zobiriwira. Ndinaionera m'mawa mwake ndili chiimire pakati pa mapaleti. Abale, yemwe ndinkamuonayo sanali mwana wanga. Miyendo yolemera, manja pamawondo, nthawi ndi nthawi kugwira pamimba. Mipira yosavuta ikumupulumuka. Anthu a jezi zobiriwira aja anamupeza chochita, akangogwira mpira holo yonse mluzu, ena akutsanzira kuyenda kwake ngati nkhalamba. Atapukuta pakamwa ndi thawulo ndinaona zofiira, ndinati wina wamugunda chigongono. Kochi anamutulutsa, sanamulowetsenso.

Madzulo ake uthenga unabwera. “They cut me, Dad. New guy is already on his way.”

Magazi anandiwira. Ndinaimba pompo, ndipo sindinamufunse kuti ali bwanji. Ndinamufunsa ngati anapita kumeneko kukaonera nyanja. Ndinamuuza kuti ine ndinkapalira nzimbe ndi malungo, iye walephera kuthamanga m'holo ya mafani oziziritsa. Anandisiya ndimalize. Kenako anati m'mimba mukumupweteka kwambiri, chilichonse akadya akusanza, nkhama zikutuluka magazi akatsuka mano, akufuna akagone pang'ono. Ndinati gona, ukadzuka uganize bwino za moyo wako. Ndinadula foni.

Sanaimbenso.

Tsiku lotsatira amayi ake anaimba, foni ikungolira. Ndinaimba ine, chimodzimodzi. Poyamba ndinati wakwiya nane. Koma Tamandani akhoza kundikwiyira ine, amayi ake sawasiya pafoni. Mauthenga ankalowa koma osawerengedwa. Mnzake yemwe ankakhala naye nyumba imodzi, mnyamata wa ku America, anali atanyamuka ndi timu kukasewera kudera lina, ndipo nambala yake tinalibe. Ejenti uja foni yake inkangopita ku voicemail. Ndinapeza nambala ya manijala wa timu. Anayankha m'Chisipanishi, ine ndinalankhula Chingerezi, iye Chisipanishi, ine Chingerezi chokuwa, mpaka ndinamutchula mayina omwe sindingalembe patsamba la mpingo. Anadula. Nditaimbanso, sinalowenso. Khomo limodzi lomwe linalipo ndinalitseka ndekha ndi pakamwa panga.

Ndinati basi, ndikwera ndege. Nditatsegula drowa ndinapeza pasipoti yanga inatha kalekale, ya amayi akenso chimodzimodzi. Tinkangoti tidzakonza tikamadzapita kumudzi. Ndinaiponya kukhoma.

Amayi ake amagwira ntchito ku care home, kosamalira okalamba, ku Wolverhampton. M'mawa wotsatira, atavala kale yunifomu, anandigwira mkono pakhomo n'kundionetsa chithunzi chomaliza chomwe mwanayo anawatumizira iwo okha. Mkono wake unali ndi timadontho tofiira tambirimbiri, ngati wina wamubaya ndi singano paliponse.

“Bambo a Tamandani, inu mwadwala malungo kambirimbiri. Munatulukapo zotere?”

Sindinatulukepo. Ndinayang'ananso chithunzicho. Iwo anapita kukadyetsa makolo a eni ake misozi ili m'maso, ine ndinapita ku shifiti chifukwa ndikanakhala pakhomo ndikanaswa zinthu.

M'mawa umenewo sindikudziwa zomwe ndinanyamula kapena komwe ndinaziika. Foni ili m'thumba, dzanja pafoni. Ikanjenjemera mtima phaa, kuyang'ana, ndi uthenga wa kampani ya magetsi. M'mutu mwanga munkangobwera chithunzi chimodzi: bokosi lalitali kuposa mabokosi onse, likutsika ndege, ndipo mawu omaliza omwe mwana wanga anamva kwa bambo wake ndi oti aganize bwino za moyo wake. Ndinalowa kuseri kwa mashelefu akumapeto, komwe kamera siona, n'kugwada pasimenti. Ine si munthu wa mapemphero aatali, abusa amadziwa. Ndinati, “Ambuye, mwana wanga ali kuseri kwa chitseko ndipo ine sindingachifike. Ndipatseni munthu mmodzi yekha wolankhula chilankhulo chawo. Mmodzi basi. Musamulange iye chifukwa cha pakamwa panga.” Ndinadzuka osamva kalikonse. Palibe mtendere womwe unatsika, ndisakunamizeni.

Nthawi ya nkhomaliro ndinalowa m'kantini, chakudya osachifuna. Pakona panakhala Eladio akuseka pafoni m'chilankhulo chomwecho chomwe manijala uja anandilankhula.

Ndikuuzeni za Eladio. Amayendetsa forklift, kagalimoto konyamulira mapaleti a katundu. Miyezi ingapo m'mbuyomo anandigwetsera paleti pafupi ndi phazi, ine ndinamugwira pakhosi pa jekete, anthu anachita kutilanditsa, tonse awiri tinapatsidwa chenjezo. Chichokereni tsiku limenelo sitinkapatsana ngakhale moni. Ndinkangomutchula kuti Msipanishi uja, ndipo sindinafunsepo kwawo kwenikweni. Ndinaima ndi thireyi m'manja ndikukangana ndi Mulungu mumtima. Mwa anthu onse a dziko lino, ameneyu? Ndinatsala pang'ono kutuluka. Koma chithunzi cha mkono chija chinandikankha.

Ndinaima patsogolo pake. Anadula foni yake n'kukankhira mpando kumbuyo, akuyesa ndabwera kudzamaliza ndewu ija.

“Sindinabwere kudzamenyana. Mwana wanga wasowa. Ndikufuna undilankhulire Chisipanishi.”

Ndinamupatsa foni, pali chithunzi cha Tamandani atavala jezi ya timu yake. Anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine, kenako chithunzicho. Anatchula dzina la timuyo, ine ndisanalitchule.

“Wamtali uyu ndi mwana wako? Iwe? Ine gemu ija ndinaonera. Tinawakwapula. Kwathu ndi kwa a jezi zobiriwira aja, madala. Mwana wako anasankha timu ya mbuli.”

Eladio sanali wa ku Spain. Ku Spain anangodutsirako. Kwawo ndi tawuni yomweyo kumene mwana wanga anamuimbira mluzu. Anali akusekabe pamene ndinamuonetsa chithunzi cha mkono chija, chomwe amayi ake ananditumizira, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Anayamba kundifunsa mwachangu, m'Chingerezi chake chodumphadumpha. Anatentha thupi liti? Thupi linazizira? M'mimba? Akusanza? Nkhama? Chilichonse ndinkati inde.

“Wamwa mankhwala anji?”

“A malungo. Ndi asipirini.”

Anamenya tebulo mpaka tiyi kutayika, n'kunena mawu amodzi a kwawo omwe sindinafunikire womasulira.

“Anamuuza ndani kuti amwe asipirini?”

“Ine.”

Tsiku lina lililonse munthu akanandikuwira choncho ndikanamudya. Tsiku limenelo ndinangoima.

“Si malungo amenewa, ndi dengue. Amabweranso ndi udzudzu, koma ndi matenda ena. Kwathu mwana aliyense amadziwa: dengue sumwera asipirini, amasungunula magazi, munthu amatuluka magazi mkati. Ndipo nthawi yoopsa ndi pamene thupi lazizira. Inu munkati wachira?”

Sanadikire yankho. Anali ataimba kale. Mchemwali wake, Yolanda, ali ndi saluni kutawuni kwawoko. Kuno kunali masana, kumeneko kunali m'mawa, anali akungotsegula. Ndinamupatsa adiresi ya nyumba yomwe timu inamuikamo Tamandani. Mayiyo sanafunse kuti ndine ndani kapena ndine wa mpingo wanji. Anatseka saluni, anaitana amuna ake omwe ali ndi galimoto ya bokosi, ananyamuka.

Buleki inatha, kapitawo wathu anabwera kudzatiitana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe mwa nthawi zonse, Eladio anandiponda phazi n'kumufotokozera yekha. Kapitawoyo anatitsegulira kaofesi kake, anati musatuluke mpaka mutamva. Tinakhala awiri, ine ndi munthu yemwe ndinamugwira pakhosi, foni ili pakati pathu patebulo. Kunja ma forklift akulira, mkati ife maso ali pafoni. Nthawi imeneyo sindingaiyeze. Ndinakalamba nditakhala pampando umenewo.

Foni inalira. Eladio anaika poti tonse timve. Yolanda anali pakhomo la nyumbayo. Ndinamva kugogoda. Ndinamva akuitana dzina la mwana wanga molipotoza. Chete. Kugogodanso, mwamphamvu. Chete. Kenako mawu a bambo wina, woyang'anira nyumbazo. Eladio ankandimasulira monong'ona: akuti nyumbayi ndi ya timu, sangatsegulire munthu wosamudziwa, adikire manijala. Abale, ine ndimadzitama kuti ndimakalipa, koma mayi ameneyu ndi mphunzitsi wanga. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinamva mayi yemwe sanandionepo akumenyera nkhondo mwana wanga ngati anamubereka yekha. Zitseko zina zinayamba kutseguka, anthu kulankhula. Kenako makiyi.

Chitseko chinatseguka. Mapazi. Chete wautali. Kenako mayiyo anakuwa.

Ine ndinaimirira, mpando kugwa. Ndinati watha. Eladio anagwira foni ndi manja awiri akufunsa, akufunsanso, mawu akukwera. Kenako anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala kulowa.

“Akupuma. Ali pansi m'bafa, wasanza magazi, sakuyankha. Koma akupuma.”

Munthu wamtali choncho sanyamulika ndi anthu awiri. Anamunyamula anthu oyandikana nawo nyumba, woyang'anira uja ali kumiyendo, n'kumugoneka kumbuyo kwa galimoto pamatiresi. Yolanda anakhala naye kumbuyoko atamugoneka mutu pamiyendo yake. Ndinaimbira amayi ake ku care home. Ndinangoti apezeka, ali moyo, pempherani. Zamagazi sindinawauze.

Ndinayesa kuti akafika kuchipatala ndiye kuti zatha. Iyayi. Anamuika madiripi, anamuyeza, ndipo dokotala analankhula ndi Eladio pafoni. Dengue yoopsa, wataya magazi ambiri m'mimba, akufunika kumuthira ena msanga. Magazi omwe chipatala chinali nawo anali ochepa, ndipo anati achibale abweretse anthu odzapereka, monga amachitira odwala ena onse. Dokotalayo anafunsa funso lomwe linandilasa: achibale ake ali kuti?

Achibale ake tili ku Bilston ndi mapasipoti akutha. Ena ali ku Nchalo. Pachilumba chonsecho mwana wanga analibe munthu ngakhale mmodzi wa magazi ake. Mpingo wonse uno mukanafola mzere, ndikudziwa, koma nyanja ili pakati. Ndinakhala pansi n'kugwira mutu. Ndinati Ambuye, mwanditsegulira chitseko kuti ndingomva akufa?

Eladio anaima pawindo, anasindikiza foni yake n'kuyamba kulankhulamo. Analankhula nthawi yaitali, mokweza, dzanja likubaya mpweya. Atamaliza ndinamufunsa kuti wauza ndani. Anati gulu la ochemerera timu ya kwawo, anzake omwe anakulira nawo, a ng'oma ndi malipenga aja.

“Wawauza chiyani?”

“Ndawauza kuti wamtali uja munkamuimbira mluzu ankasewera akutuluka magazi m'mimba, ndipo sanapemphe kuti atuluke. Ndawauza kuti alibe aliyense, bambo wake ali pano ndi ine akulira. Ndati amene ali mwamuna apite akapereke magazi.”

“Ine sindikulira.”

“Ukulira, madala.”

Tisanaweruke, Yolanda anatumiza kanema. Panja pa chipatala panali mzere. Anyamata a njinga zamoto, azimayi a kumsika, bambo wina wa malaya a ku banki, ambiri atavala jezi zobiriwira zomwe zija. Anthu omwe masiku apitawo ankatsanzira mwana wanga kuyenda ngati nkhalamba anali atapinda malaya kudikira singano. Bambo wina wonenepa, yemwe Eladio anati ndiye woimba ng'oma yaikulu, anayandikira kamera n'kulankhula akuloza ndi chala. Mzere wonse unaseka.

“Akuti chiyani?”

“Akuti muuze mwana wako kuti akachira asadzaponyenso mpira m'dengu lathu. Magazi athu ali m'thupi mwake, akatero ndi wachiwembu.”

Ndinaseka ndikulira nthawi imodzi, mamina ndi misozi, m'ofesi ya kapitawo.

Nkhani itafika ku timu ya Tamandani, nawonso anabwera. Kochi, osewera anzake, ngakhale manijala yemwe ndinamutukwana uja. Dokotala wa timu anapempha kulankhula nane, ndipo funso lake linali limodzi: chifukwa chiyani mwanayo sanamuuze? Anati akanangomuona tsiku loyamba akanadziwa, chifukwa matendawa amawaona chaka chilichonse. Ndinamuyankha zoona, kuti mwanayo anafuna kunena, ine ndinamuletsa.

Masiku otsatira anali a kudikira. Tsiku lina akuti magazi akwera pang'ono, lina akuti atsikanso. Yolanda ankatseka saluni masana kukakhala naye, ankamupukuta nkhope, ankamumwetsa msuzi ndi supuni. Kuno inu munasala kudya, munabwera kunyumba kudzakhala ndi amayi ake, ena munawagwirira ma shifiti. Eladio m'mawa uliwonse ankandipeza pageti ndi nkhani zatsopano ndisanavale n'komwe nsapato za ntchito.

Kenako tsiku lina pa buleki foni inalira, ya kanema, dzina la Tamandani. Nkhope itaonda, milomo yosweka, maso atalowa.

“Dad. Sorry I got cut.”

Mwana wachoka kumanda, ndipo choyamba kunena ndi kupepesa kuti anamuchotsa m'timu. Pamenepo ndinaona chomwe ndinamuika m'mutu. Ndinamuuza m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti amve liwu lililonse: “Tamandani, mwana wanga, timu ikhoza kukuchotsa. Ine sindingapeze wina wotsika ndege. Wamva?” Anagwedeza mutu. Kumbuyo kwake Yolanda ankamukalipira kuti amalize msuzi.

Tamandani anabwera kunyumba atatha mphamvu, thalauza likumugwa. Ku eyapoti ya Birmingham anatitengera ndi Eladio pagalimoto yake. Amayi ake anamukumbatira m'chiuno, pomwe amafika, osamusiya mpaka anthu kumatilambalala ndi zikwama. Zinamutengera miyezi kuti ayambenso kuthamanga. Panopa ali bwino, akudya ngati anthu atatu, madokotala a kuno anamuyeza n'kumulola kusewera.

Ndikuthokoza Mulungu yemwe anamva pemphero lalifupi la munthu waukali kuseri kwa mashelefu. Sananditumizire mngelo kapena mbusa. Yankho anali ataliika kale pa forklift, likundidutsa tsiku lililonse ine nditatupa. Ndikuthokoza Eladio, yemwe anali ndi chifukwa chokwanira chondiuza kuti ndichoke pamaso pake. Ndikuthokoza Yolanda ndi amuna ake, ndi anthu onse a mumzere uja omwe mayina awo sindidzawadziwa. Ndikuthokozanso inu.

Ndipo ndinene mosapsatira kwa makolo anzanga. Ana athuwa akupita kumayiko omwe ife sitinapondeko, kukasewera, kukagwira ntchito, kukaphunzira. Mwana akatentha thupi kumeneko, musakhale dokotala wa pafoni. Zomwe munaphunzira kwanu ndi za kwanu. Muuzeni apite akamuone a kumeneko, ntchito ithe ngati ikutha.

Kwa inu amene lero mwagwira foni yomwe sikuyankhidwa, kaya ndi mwana, kaya ndi mwamuna, kaya ndi chipatala cha kumudzi, musaleke kupemphera ngakhale simukumva kanthu mumtima. Inenso sindinamve kanthu. Pempherani, dzukani, ndipo mulowe momwe simukufuna kulowa, mukapemphe yemwe simukufuna kumupempha.

Mutipempherere. Mwezi wathawu foni inabwera kuchokera kuchilumba chija. Timu ya jezi zobiriwira ikumufuna Tamandani ligi ikubwerayi, akuti munthu wosewera ali choncho akufuna amuone ali bwino. Amayi ake anayang'ana ine, akudikira kuti ndiphulike. Tamandani nayenso anayang'ana ine. Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti akadwalanso adzauza ndani. Anati dokotala wa timu, kenako Aunty Yolanda, kenako amayi ake.

“And you last, Dad.”

Ndinati zili bwino, pita. Ulendo uno dokotala akadzafunsa kuti achibale ake ali kuti, tawuni yonse idzaimirira.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.